Ng'ombe yachira, nanga tizilombo tatsaliranji m'magazi?

Funso: Ng'ombe yanga yamkaka inadwala mwezi wathawu. Inasiya kudya, mkaka unachepa, nkhama ndi m'maso munayera kenako munachita chikasu. Alangizi a ziweto anati ndi anaplasmosis, matenda obwera ndi nkhupakupa, ndipo anaibaya jakisoni wa oxytetracycline. Pano yachira, ikudya bwino. Koma iwo akuti tizilomboto tikhalabe m'magazi ake moyo wake wonse. Zitheka bwanji? Ngati thupi lagonjetsa matenda, likulepheranji kumaliza tizilombo totsalato? Kodi zoterezi zimachitikanso kwa anthu?

Yankho: Bambo, alangiziwo sanakunamizeni. Ng'ombe yanu yachiradi, komanso tizilomboto tilimodi. Musaganize kuti chitetezo cha m'thupi mwake chafooka. Chikugwira ntchito usana ndi usiku, ndipo chikupha tizilombo tochuluka zedi. Chovuta n'chakuti nthawi zonse chimafika mochedwa ndi masiku angapo, ndipo kachilomboka kamadalira kuchedwa komweko.

Dzina lake ndi Anaplasma marginale, bakiteriya wamng'ono kwambiri yemwe sangathe kuswana kunja kwa selo la nyama kapena la nkhupakupa (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi). Amene anamufotokoza koyamba ndi Arnold Theiler ku South Africa mu 1910. Ataika magazi a ng'ombe zodwala pa maikulosikopu, ankaona timadontho takuda m'mphepete mwa maselo ofiira a magazi, ndipo mawu akuti marginale akunena za m'mphepetemo. Matenda akafika pachimake, mililita imodzi ya magazi imatha kukhala ndi maselo ogwidwa opitirira 1 biliyoni. Chodabwitsa n'chakuti si bakiteriyayu amene amaswa maselowo. Kapamba ndiye amawachotsa m'magazi n'kuwaphwanya, ndipo pa changu chakecho amawononganso maselo ambiri abwinobwino. Kuyera kwa nkhama kuja kunachokera pamenepo, chikasu chija chimodzimodzi. Mukakumbukira bwino, mkodzo wa ng'ombeyo sunafiire. Mkodzo wofiira umaloza ku matenda ena a nkhupakupa, aja a redwater, omwe maselo amaphulikira m'mitsempha momwemo.

Tsono tione mmene thupi limazindikirira mdani. Silimamuona yense. Limangogwira maonekedwe a khungu lake lakunja, titero kuti malaya ake. Likawaphunzira malayawo limapanga ma antibody, timapuloteni tomamatira pa malaya a mtundu umodzi wokhawo n'kuitana maselo oyera, aja timawatcha asilikali a m'thupi, kuti adzameze chilichonse chomwe chamatidwa. Kupanga ma antibody oyenera malaya atsopano kumatenga sabata imodzi kapena awiri.

Mbali yaikulu ya malaya a Anaplasma marginale ndi puloteni yotchedwa MSP2. Bakiteriyayu ali ndi malo amodzi okha m'majini ake (malangizo a chibadwa osungidwa m'kati mwake) omwe amawerengedwa popanga puloteniyi, koma wasunganso pambali majini ena ofanana nawo, kawirikawiri 5 mpaka 7, omwe amangokhala chete. Nthawi ndi nthawi amakopera jini limodzi mwa osungidwawo n'kuliika pamalo owerengedwa paja, malaya n'kusintha. Zikanathera pomwepa, thupi likanawaphunzira malaya onse 7 m'miyezi yochepa, nkhondo n'kutha. Koma taganizirani telala yemwe ali ndi zitenje 7 zokha. Akamaliza kusoka malaya a chitenje chilichonse pachokha, amayamba kudula: kolala wa chitenje ichi, mkono wa icho, thumba la chinacho. Kuchokera pa nsalu zochepa zomwezo akhoza kutulutsa malaya masauzande osafanana. Bakiteriyayu amachita zomwezo. Amakopera tizigamba tatifupi kuchokera m'majini osiyanasiyana n'kutilumikiza, ndipo ng'ombe ikamakhalitsa ndi kachilomboka, malaya amanka nachulukira zigamba. Puloteni ina yotchedwa MSP3 imasinthanso mwa njira yomweyi. Zambiri za nkhaniyi zinatulukira ku Washington State University ku America, kumene gulu la Guy Palmer ndi Kelly Brayton linatsatira magazi a ng'ombe zoterezi kwa nthawi yaitali, ndipo mu 2005 linafalitsa ndondomeko yonse ya majini a bakiteriyayu.

Zotsatira zake m'magazi a ng'ombe yanu n'zonga mafunde. Tizilombo ta malaya atsopano timaswana n'kuchuluka, thupi limatiphunzira n'kutipha pafupifupi tonse, koma pofika nthawiyo tina tochepa tasintha kale ndipo tayamba kukwera. Funde limodzi limatenga pafupifupi masabata 6 mpaka 8. Mafundewa ndi aang'ono poyerekeza ndi matenda oyamba aja, moti ng'ombe siidwala ndipo nthawi zambiri pa maikulosikopu sipaoneka kanthu. Komabe n'okwanira kuti nkhupakupa yoyamwa pa ng'ombeyo itenge kachilomboka. Ndipo dziwani kuti tizilomboti sitinangogona penapake kudikira. Selo lofiira la ng'ombe limakhala masiku pafupifupi 160 basi, kotero kuti bakiteriya akhale zaka m'thupi ayenera kumalowa m'maselo atsopano mosalekeza, akuzemba ma antibody ulendo uliwonse.

Kusankha selo lofiira ngati nyumba nakonso n'kuchenjera. Maselo ambiri a m'thupi akalowedwa ndi mdani amatenga tizidutswa ta mdaniyo n'kutionetsa kunja, ngati mbendera yoitana asilikali kuti aphe selo lonselo. Selo lofiira lokhwima lilibe phata lokhala ndi majini ndipo silikweza mbendera yotere. Kuwonjezera apo, Anaplasma alibe chinthu china chotchedwa LPS chomwe chimapezeka pa khungu la mabakiteriya ambiri a m'matumbo, chomwe thupi likangochinunkhiza limaimba belu nthawi yomweyo. Ofufuza aonanso kuti ng'ombe ikagwidwa, maselo a CD4 omwe anaphunzira kuzindikira bakiteriyayu amachepa msanga. Awa ndi maselo a mtundu womwewo umene timaumva m'nkhani za HIV, koma apa amene amatha ndi okhawo odziwa Anaplasma, ena onse amatsala bwinobwino.

Ndisanapitirire ndiyenera kunena za nkhupakupa yeniyeniyo, chifukwa anthu ambiri amaiona ngati jakisoni wamba wongonyamula matenda. Nkhupakupa yolimba imamatirira pakhungu masiku angapo, bala lili lotseguka. Munga ukakulasani n'kukhala m'thupi masiku otero, pamatupa, pamapweteka, pamachita mafinya. Nkhupakupa imazimitsa zonsezi ndi malovu ake, omwe ali ndi mapuloteni mazanamazana. Ena amaletsa magazi kuundana. Ena amameza histamine, mankhwala a m'thupi omwe amayambitsa kuyabwa ndi kutupa, ndipo oterewa anapezeka m'malovu a Rhipicephalus appendiculatus, nkhupakupa yofiirira yokonda m'makutu a ng'ombe zathu. Ena, otchedwa evasin, amagwira uthenga womwe khungu lovulala limatumiza poitana maselo oyera, moti asilikali samva kuitana. Bakiteriya amatsikira pamalo pomwe alonda agonekedwa kale tulo. Kwa ine iyi ndiyo mbali yochititsa chidwi kwambiri, chifukwa maola oyambirirawa ndi amene thupi likanatha kuthetsa nkhani yonse tizilombo tikadali tochepa.

Achibale a Anaplasma marginale anasankha nyumba zina. Ehrlichia ruminantium, woyambitsa heartwater mu ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, amabwera ndi nkhupakupa zazikulu zamawangamawanga za mtundu wa Amblyomma, ndipo amakhala m'maselo omwe amayala m'kati mwa mitsempha ya magazi. M'menemo amaswana m'kathumba kotsekeka komwe ma antibody sangafike. Mitsempha imayamba kuchucha, madzi amadzaza mozungulira mtima ndi m'mapapo, ubongo umatupa, n'chifukwa chake mbuzi imayenda mokweza miyendo, kenako n'kugwa n'kumapalasa. Wina, Anaplasma phagocytophilum, wofala ku Ulaya ndi ku North America, amalowa m'kati mwa msilikali weniweniyo, selo loyera lotchedwa neutrophil lomwe ntchito yake ndi kumeza mabakiteriya n'kuwatentha ndi mankhwala aukali. Akalowa amaletsa kuti kathumba kake kakumane ndi timatumba ta mankhwala ogayira, amasokoneza makina opangira mankhwala otenthawo, kenako amachedwetsa imfa ya selolo, lomwe mwachibadwa silikhalitsa, kuti apeze nthawi yoswana. Nkhupakupa za Amblyomma zija zimanyamulanso Rickettsia africae, yemwe amagwira anthu ndipo anapezeka koyamba mwa wodwala ku Zimbabwe mu 1992. Mabakiteriya a gulu lake sadikira m'kathumba. Amakaboola n'kutulukira m'kati mwa selo, kenako amagwiritsa ntchito ulusi wa selo lomwelo kudzikankhira m'selo loyandikana nalo osadutsa kunja. Chizindikiro chake ndi kachilonda ka nkhanambo yakuda pomwe nkhupakupa inaluma, kutupa kwa mwanabere ndi kutentha thupi.

Mwafunsa za anthu. Anaplasma marginale sagwira munthu, pamenepo mtima ukhale m'malo. Koma njira yosintha malaya ija ilipo mwa bakiteriya wina wa kuno kwathu, ndipo mwa munthu imaonekera poyera kuposa mu ng'ombe. Ndikunena za Borrelia duttonii, bakiteriya wopotana ngati waya wa sipuling'i, yemwe amabwera ndi nkhufi. Nkhufi ndi nkhupakupa yofewa, Ornithodoros moubata, yomwe imabisala m'ming'alu ya zipupa ndi pansi pa nyumba zadothi. Siimamatirira masiku ngati ya ng'ombe. Imatuluka usiku, imayamwa kwa mphindi zingapo, kawirikawiri osafika ola, n'kubwerera mu mng'alu, ndipo ikhoza kukhala zaka osadya. Munthu amadzuka osadziwa kuti walumidwa. David Livingstone analemba mu 1857 za matenda otsatira kulumidwa ndi nkhufi ku Angola ndi ku Mozambique. Amene anatsimikiza kuti nkhufi ndiyo imafalitsa anali Joseph Everett Dutton ndi John Todd ku Congo m'zaka za 1904 ndi 1905. Onse awiri anadwala matendawa ali pa ntchitoyo, Dutton anamwalira komweko mu 1905, ndipo bakiteriyayu anatchedwa dzina lake.

Wodwala amatentha thupi kwambiri, amanjenjemera, mutu ndi mfundo zimawawa kwa masiku pafupifupi 3. Kenako amatuluka thukuta lambiri, thupi n'kuzizira, iye n'kudzuka ngati wachira. Pakatha pafupifupi sabata, zonse zimayambiranso, ndipo zikhoza kubwereza kangapo. Kutentha kulikonse ndi funde la mabakiteriya a malaya amodzi, omwe amasambira poyera m'magazi, mamiliyoni pa mililita imodzi. Kuzizira kwa thupi ndi nthawi yomwe ma antibody awasesa. Kubwerera kwa matenda ndi ana a ochepa aja omwe anasintha. Mwa mbale wa Borrelia duttonii wa ku America, Borrelia hermsii, yemwe waphunziridwa kwambiri, majini osungidwa alipo pafupifupi 60, ndipo pa mabakiteriya 1,000 mpaka 10,000 aliwonse, mmodzi amasintha malaya pa m'badwo uliwonse. Pa mamiliyoni, amenewo ndi ochuluka kale thupi lisanayambe n'komwe kupanga ma antibody.

Popeza Borrelia duttonii amayenda poyera, amafunikanso chishango ku chida china cha m'magazi chotchedwa complement. Awa ndi mapuloteni omwe amaunjikana pa khungu la bakiteriya n'kuliboola. Kuti asaboole maselo athu omwe, thupi lili ndi puloteni yowaletsa, yotchedwa factor H, yomwe ili ngati chiphaso chonena kuti uyu ndi wa m'banja muno. Bakiteriyayu amatola factor H m'magazi n'kudzivundikira nayo, complement n'kumudutsa. Amadziunjikiranso maselo ofiira momuzungulira. Nkhufi nayo imathandiza: m'malovu ake muli puloteni yotchedwa OmCI yomwe imagwira mbali ya complement yotchedwa C5, ndipo ndi yamphamvu moti akatswiri anaitenga n'kuyamba kuiyesa ngati mankhwala a matenda omwe complement imaukira thupi la mwini wake. Pa mbewa zoyeserera, Borrelia duttonii wapezeka atabisala mu ubongo kwa miyezi magazi atayera kale.

Nkhani imeneyi imandikhudza mtima chifukwa zizindikiro zake n'zofanana kwambiri ndi malungo. Kachipangizo koyezera malungo mwachangu kaja sikamuona bakiteriyayu. Amaoneka pa maikulosikopu, ndipo magazi ayenera kutengedwa thupi likutentha, chifukwa masiku ozizira aja tizilombo timakhala tochepa kwambiri. Choopsa china n'chakuti munthu akamwa mankhwala a malungo, thupi n'kuzizira pa tsiku lachitatu monga likanachitira ngakhale popanda mankhwala, aliyense amakhulupirira kuti anali malungo ndipo achira. M'chigawo chapakati cha Tanzania, cha ku Dodoma, matendawa akhala akudziwika kwa zaka zambiri kuti amachititsa amayi kupita padera ndiponso amapha makanda. Choncho munthu yemwe thupi likutentha n'kuleka, kutentha n'kuleka, malungo osapezeka, makamaka mayi woyembekezera kapena mwana wogona m'nyumba momwe muli nkhufi, abwerere kuchipatala tsiku lomwe thupi latentha ndipo awauze adokotala za nkhufizo. Mankhwala alipo, monga doxycycline ndi penicillin. Koma mlingo woyamba ndi bwino kulandirira kuchipatala, chifukwa tizilombo tikamafa tambiri nthawi imodzi wodwala amatha kunjenjemera kwambiri ndi kutsika kuthamanga kwa magazi m'maola ochepa oyamba. Kunyumba, kumata ming'alu, kuzira bwino ndi kusiya kugona pamphasa pansi penipeni kumachepetsa kulumidwa.

Abale athu okhala ku Britain, ku Ulaya ndi ku America amamva kwambiri za Lyme disease, matenda ena a anthu obwera ndi nkhupakupa. Woyambitsa wake, Borrelia burgdorferi, ndi wa fuko lomweli. Anamutulukira Willy Burgdorfer mu 1982, ndipo munthu ameneyu anaphunzira ntchito yake ali mnyamata ku Basel, ku Switzerland, pofufuza Borrelia duttonii mu nkhufi za ku Africa. Bakiteriya wa Lyme amasintha puloteni yake yotchedwa VlsE ndi tizigamba, ngati telala uja, ndipo polowa m'thupi amadzimata ndi puloteni ya m'malovu a nkhupakupa, Salp15, yomwe imamuteteza ku ma antibody.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga jakisoni uja anagwira bwanji ntchito pa mdani wosinthasintha chonchi. Oxytetracycline sayang'ana malaya. Amalowa m'kati mwa bakiteriya n'kuimitsa timakina topangira mapuloteni, tomwe sitisintha ngakhale kunja kusinthe kangati. Amaimitsa kuswana, thupi n'kupeza mpata wopezana ndi mdaniyo. Koma mlingo wochizira matenda sumaliza tizilombo tonse, ndipo sindikulangizani kuti muzingobaya mobwerezabwereza pofuna kuyeretsa magazi. Mudzawononga ndalama, mudzataya mkaka wambiri podikira kuti mankhwala atuluke m'thupi monga mwalembedwera pa botolo, ndipo ng'ombeyo ili m'dera lomwe nkhupakupa zidzaipatsanso kachilomboka.

Katemera ndiye amavutika ndi kusintha kwa malaya, chifukwa iye amaphunzitsa thupi maonekedwe akunja. Njira yomwe yakhala ikugwira ntchito ndi yakale kwambiri. Mu 1911 Theiler yemwe uja anapeza mbale wofatsa wa bakiteriyayu, Anaplasma centrale, yemwe amakhala chapakati pa selo lofiira ndipo sadwalitsa kwambiri. Mpaka lero ku South Africa, Australia ndi mayiko ena amabaya ng'ombe magazi okhala ndi bakiteriya wamoyo ameneyu. Saletsa Anaplasma marginale kulowa, koma amachepetsa ukali wa matenda. Katemera wa heartwater wochokera ku Onderstepoort, ku South Africa, nayenso ndi magazi a nkhosa okhala ndi kachilombo kamoyo, ndipo chiweto chikayamba kutentha thupi chimapatsidwa mankhwala. M'njira zonse ziwirizi chitetezo chimabwera chifukwa thupi lakumana ndi bakiteriya wamoyo n'kukhala naye.

Apa ndi pamene nkhani ya ng'ombe yanu ikutembenukira. Tizilombo tochepa totsala m'magazi mwake tikuchititsa chitetezo chake kukhala maso, ndipo ng'ombe yotere kawirikawiri siidwalanso anaplasmosis yoopsa. Musaigulitse kapena kuipha chifukwa cha mawu a alangizi aja. Zomwe muyenera kudera nkhawa ndi zinzake za m'khola zomwe sizinakumanepo ndi kachilomboka. Msinkhu ndi wofunika kwambiri pa matendawa. Thole losakwana miyezi 6 mpaka 9 likagwidwa nthawi zambiri silionetsa kudwala, limangosanduka lonyamula lotetezeka. Ng'ombe yopitirira zaka 2 kapena 3 ikagwidwa koyamba ndi imene imadwala kwambiri, kutaya bere, ngakhale kufa. N'chifukwa chake ng'ombe zamakolo zokulira kudambo, zomwe zimakumana ndi nkhupakupa zili zazing'ono komanso khungu lake silisunga nkhupakupa zambiri, zimaoneka ngati matendawa sazikhudza, pomwe Friesian wamkulu wokulira m'khola loyera amagwa patangotha masabata ochepa atafika pamudzi.

Dibi kapena kupopera musaleke, makamaka pa ng'ombe zamkaka, chifukwa nkhupakupa zimanyamulanso East Coast fever, yomwe si ya bakiteriya ndipo siichitira chifundo ngakhale mathole. Kangati pa mwezi, mugwirizane ndi alangizi malinga ndi nyengo ndi nkhupakupa za kwanuko. Choipa kwambiri ndi kupopera mwakhama zaka zingapo kenako n'kusiya mwadzidzidzi mvula ikugwa, chifukwa mumakhala ndi khola la ng'ombe zazikulu zomwe sizinaphunzirepo mdani aliyense.

Kumbukiraninso kuti bakiteriyayu safuna nkhupakupa yokha kuti asamuke. Kadontho ka magazi pa singano ya jakisoni, pa mpeni wofulira, pa chodulira nyanga kapena choboolera makutu n'kokwanira, ndipo ntchentche zoluma zimathanso kumunyamula pakamwa. Pa tsiku la katemera kapena lobaya mankhwala a njoka zam'mimba, ng'ombe iliyonse ikhale ndi singano yake. Ngati singano zili zochepa, ziwiritseni musanabaye ina, ndipo yochirayo muziibaya pomaliza. Mukagula ng'ombe yaikulu yochokera kwina, muziitsegula chikope cham'munsi ndi kuyang'ana nkhama zake m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri yoyamba, chifukwa matendawa amatenga masabata 3 mpaka 8 asanaonekere. Mukaona kufiira kwa m'chikopemo kukuyamba kuyera, itanani alangizi tsiku lomwelo, ndipo musaithamangitse kapena kuiyendetsa mtunda wautali kupita kudibi, chifukwa ng'ombe yochepa magazi imatha kugwa n'kufa panjira.